Mantha a Kubereka pa Mimba Yoyamba: Mafunso ndi Mayankho kwa Amayi a mu Harare

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amangobwerabwera tikakhala pansi ndi amayi a mimba yoyamba kuno ku Harare, makamaka a m'mabanja olankhula Chichewa ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth. Owerengeka amafunsidwa pagulu. Ambiri amafunsidwa monong'ona, anthu atabalalika kale. Mayankhowa salowa m'malo mwa mzamba kapena dokotala amene akukuonani ku sikelo.

Ndili ndi pakati koyamba ndipo tsiku lochira likundiopsa. Kodi ndine ndekha?

Simuli nokha. Chinenero chathu chomwe chikukuchitirani umboni. Mayi woyembekezera timati ali ndi pakati, ndipo agogo amamasulira kuti ndi pakati pa moyo ndi imfa. Nthawi ikakwana timati matenda ayamba, mwana akabadwa timati mayi wachira. Amene anapeka mawu amenewa sankaona kubereka ngati masanje.

Mu 2017 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti amayi oyembekezera pafupifupi 14 mwa 100 alionse amakhala ndi mantha aakulu, osati ongodutsa. Pa benchi ya sikelo pakakhala amayi 30, mwina anayi sakugona tulo ngati inuyo, kungoti aliyense wangoti duu ndi khadi lake m'manja.

Mantha a munthu aliyense ndi mantha ofuna chithandizo amasiyana pati?

Mantha a munthu aliyense amabwera n'kupita. Mtima umagunda mukamva kuti mnzanu wapita kukachira, koma nsima mukudya, kumsika mukupita, matewera mukugula.

Enawa amalanda moyo wanu wa tsiku ndi tsiku. Tulo sitibwera, kapena timabwera ndi maloto a magazi. Mukujomba ku sikelo chifukwa kungoona bedi loyezerapo thukuta limayamba. Munthu akatchula za kubereka mumatuluka panja. Mwinanso mukulakalaka mimbayo ikanapanda kubwera, chonsecho mwanayo mumamufuna. Madokotala awiri a ku Britain, Kristina Hofberg ndi Ian Brockington, analemba za vutoli mu 2000 pa dzina loti tokophobia. Anasiyanitsa mantha a mayi amene sanaberekepo, omwe nthawi zina amayamba munthu akali mtsikana, ndi mantha a mayi amene anazunzika pa uchembere wapitawo. Pano tikukamba za oyambawo.

Amachokera kuti, popeza sindinaberekepo?

Kawirikawiri amalowera m'makutu. Mimba ikangoonekera, aliyense amene anaberekapo amasanduka mphunzitsi: amayi ogulitsa tomato pa kona, munthu amene mwakhala naye mpando umodzi mu kombi, azakhali pa WhatsApp. Ndipo nkhani imene amasankha ndi yoopsa, chifukwa ya mayi amene anafika kuchipatala m'mawa n'kuchira masana popanda chovuta siikoma pofotokoza. Pamwamba pa izi pabwere mavidiyo a pa TikTok oonera pakati pa usiku.

Kumudzi mtsikana wa mimba yoyamba ankalangizidwa ndi anamkungwi pa chisamba. Malangizo ena anali a nzeru, ena anali oopseza: usalire, ukalira upha mwana, matenda akatalika ndiye kuti wina m'banjamo anayenda njira za m'mbali, ulule. Lachiwirili ndi bodza limene lazunza amayi ambiri popanda chifukwa. Matenda amatalika chifukwa cha mmene mwana wagonera, kukula kwa mutu wake poyerekeza ndi njira, kapena chiberekero chikamafinya mofooka. Kuno ku tauni ambiri chisamba sachiona n'komwe. Zanzeru zija zinatsala m'njira, zoopsezazo ndi zimene zinafika.

Palinso kusungulumwa. Anansi athu a Chishona ali ndi mwambo wa masungiro, umene mtsikana wa mimba yoyamba amaperekezedwa kwa makolo ake kuti akachirire kumeneko. Mtsikana amene mayi ake ali ku Dedza kapena ku Tete amangoona anzake akunyamuka, iye n'kutsala m'chipinda cha lendi ndi mwamuna amene nayenso za uchembere sazidziwa.

Kwa ena muzu wake ndi wozama kuposa apa: mbale amene anamwalira pochira, mimba imene inapita padera, nkhawa imene munthu anali nayo kale, kapena nkhanza zimene anachitidwa. Za nkhanza zili ndi funso lakelake m'munsimu.

Kodi mantha angasokoneze kubereka kwenikweniko?

Angathe. Chiberekero chimafinya chifukwa cha homoni (mankhwala amene thupi limapanga lokha) yotchedwa oxytocin, imene imayenda bwino munthu akakhala kuti mtima uli m'malo. Mantha amatulutsa adrenaline, homoni yokonzekeretsa thupi kuthawa, ndipo ikachuluka imabweza ntchito ya inzake ija. Dokotala wa ku Britain, Grantly Dick-Read, anafotokoza kale m'zaka za m'ma 1930 kuti mantha amaumitsa thupi, thupi louma limamva ululu kwambiri, ululuwo n'kubala mantha ena. Kafukufuku wa masiku ano wapezanso kuti amayi amantha kwambiri matenda awo amakonda kutalikirapo.

Koma musatenge zimenezi ngati mlandu watsopano. Kuopa kwanu sikupha mwana, ndipo kubereka kukavuta sizitanthauza kuti munalephera kudzigwira.

Chithandizo cha maganizo n'chiyani kwenikweni? Si kungocheza basi?

Ndi kucheza, koma kokhala ndi kolowera. Njira yodziwika kwambiri ndi CBT, imene dokotala wa ku America, Aaron Beck, anaikonza m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yakuti zimene munthu akuganiza, zimene thupi likumva ndi zimene akuchita zimakokana ngati ng'ombe za pa goli limodzi. Imodzi ikakhota, zinazo zimatsatira.

Mlangizi wabwino sayamba ndi kunena kuti musaope. Amafunsa kuti, "Amayi, mukatsinzina n'kuganiza za tsikulo, mukuona chiyani?" Apa chimtambo chija chimayamba kugawika. Wina akuopa kung'ambika. Wina akuopa kufa n'kusiya khanda. Wina akuopa kukuwa yekha m'chipinda popanda womuyankha. Wina, ndipo awa ndi ambiri kuposa mmene mungaganizire, akuopa kuchita chimbudzi pamaso pa anthu. Mantha alionse mwa amenewa amathandizidwa mwanjira yake, n'chifukwa chake mawu oti "tonse tinadutsamo" sachiritsa aliyense.

Kenako ganizo lililonse limaikidwa pa bwalo ngati mlandu. "Sindingathe, ndifa." Umboni wake uli kuti? Mwaumva kwa ndani? Ndi amayi angati amene mumawadziwa amene anapita n'kubwerako ndi mwana kumsana? Apa mlangizi kapena mzamba amafotokoza zimene zimachitikadi. Khomo la chiberekero limatseguka pang'onopang'ono mpaka masentimita 10. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati pa mimba yoyamba, kuchokera pa masentimita 5 mpaka kutseguka konse kawirikawiri sipapitirira maola 12, ndipo gawo lokankha kawirikawiri limatha pasanathe maola 3. Ululu sukhala chikhalire, umabwera n'kupita, ndipo pakati pake pali mpata wopuma. Chimbudzi chija azamba amachiona tsiku ndi tsiku, amangopukuta n'kupitiriza ntchito.

Gawo lina ndi kuyandikira chinthu choopsacho pang'onopang'ono m'malo mochithawa: kulemba kapena kufotokoza tsikulo kuyambira ululu woyamba mpaka mwana ali pachifuwa, kubwereza mpaka mtima utasiya kuthamanga, ndipo ngati a chipatala alola, kukaona chipinda chochirira musanachifune. Mumaphunziranso kupuma mozama ndi kumasula minofu. Izi ndi ntchito ya kunyumba, ya tsiku lililonse. Amene amayembekezera kuti aphunzire kupuma matenda atayamba kale ali ngati munthu wosula khasu mvula ikugwa.

Pali umboni woti zimathandiza?

Ulipo, ndipo wina ndi wokhudza amayi a mimba yoyamba enieniwo. Ku Finland, Hanna Rouhe, Terhi Saisto ndi anzawo anafalitsa kafukufuku mu 2013. Amayi amantha kwambiri anagawidwa pawiri: ena anapitiriza sikelo ya masiku onse, ena anaikidwa m'magulu otsogozedwa ndi katswiri wa za maganizo, kukumana kasanu ndi kamodzi asanachire ndi kamodzi atachira, akumaphunzira za kubereka ndi kumasula thupi. Mwa a m'maguluwo, pafupifupi 63 mwa 100 anachira okha kudzera m'njira ya chilengedwe, pamene mwa enawo sanafike 50 mwa 100. Ku Sweden nkhaniyi anaitenga kalekale ngati ntchito ya chipatala, ndipo m'zipatala zambiri muli magulu a azamba olangiza amayi amantha, odziwika ndi dzina loti Aurora.

Maganizo athu ndi akuti tisakokomeze. Awa ndi mayiko amene mzamba mmodzi saona mzere wautali ngati wa kuno. Ndiponso chithandizochi chimachepetsa mantha kufika poti munthu atha kuwanyamula, sichiwafufutiratu.

Amadziwa bwanji kukula kwa mantha anga?

Pali mapepala a mafunso. Lodziwika kwambiri ndi W-DEQ, la mafunso 33, limene Klaas ndi Barbro Wijma a ku Sweden anafalitsa mu 1998; wopeza 85 kapena kuposa amatengedwa kuti mantha ake ndi aakulu. Kuno ku Harare mwina mudzakumana ndi lina, SSQ-14, la mafunso 14 oyankha eya kapena ayi, limene linakonzedwera konkuno m'zaka za m'ma 1990. Limeneli limayang'ana nkhawa ndi kuganiza mopitirira, kumene Ashona amati kufungisisa. Silifunsa za kubereka, choncho nkhani imeneyo muyenera kuitchula nokha.

Kuno ku Harare ndiyambire kuti?

Yambirani kumene mumapita ku sikelo, kaya ndi ku Mabvuku, ku Budiriro, ku Rutsanana ya ku Glen Norah, ku Kuwadzana kapena ku Edith Opperman ya ku Mbare. Musadikire kufunsidwa. Mzamba akamaliza kuyeza mimba, nenani kuti muli ndi mantha amene akukulepheretsani kugona, ndipo pemphani kuti alembe pa khadi.

Pa zipatala zambiri za khonsolo pali Friendship Bench, ntchito imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayamba ku Mbare mu 2006. Amayi achikulire ophunzitsidwa, amene anthu amawatcha ambuya utano, amakhala nanu pa benchi, kawirikawiri maulendo asanu ndi limodzi, osalipira. Amayamba ndi kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, kenako kusimudzira ndi kusimbisa, kukweza mtima ndi kuulimbitsa. Mumatchula mavuto anu, mumasankha limodzi, n'kupangana chochita sabata imeneyo. Kafukufuku wake anatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016 ndipo anaonetsa kuti nkhawa ndi kukhumudwa zinachepa kwambiri mwa amene anathandizidwa. Benchiyi sinakonzedwere mantha a kubereka makamaka, ndipo agogowo si azamba. Mafunso a thupi apite kwa mzamba, mtolo wa mumtima upite ku benchi.

Mantha akakhala aakulu kwambiri, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Parirenyatwa, komwe kuli chipatala cha amayi cha Mbuya Nehanda, ndi Sally Mugabe, chimene ambiri amangochitcha Gomo, zonse zili ndi mbali yoona za maganizo. Amene ali ndi ndalama kapena medical aid atha kupita kwa katswiri wa payekha, koma afunse ngati analembedwa m'kaundula wa bungwe lovomereza akatswiri otere, la Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe.

Chishona changa n'chothyokathyoka. Ndifotokoza bwanji zinthu zozama chonchi?

Funsoli limachokera kwa amene abwera posachedwa kuchokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia. Mawu atatu okha ndi okwanira kutsegula khomo: "Ndiri kutya kusununguka," kutanthauza kuti ndikuopa kubereka. Ashona kubereka amati kusununguka, kumasuka, pomwe ife timati kuchira. Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero 16 zimene malamulo a dziko lino a 2013 amazivomereza, choncho musachite nacho manyazi. Funsani ngati pali wogwira ntchito wochimva, kapena bwerani ndi munthu womasulira. Koma sankhani bwino: ngati pali zimene simunganene pamaso pa apongozi, womasulira asakhale apongozi.

Ndiyambe mwezi wachingati?

Mukangozindikira. WHO imalangiza kuyamba sikelo m'masabata 12 oyambirira ndi kuonana ndi achipatala maulendo osachepera 8, ndipo ulendo uliwonse ndi mpata wolankhula. Ngati mwafika kale mwezi wa chisanu ndi chitatu, pitanibe. Kupuma ndi kukonza dongosolo la tsikulo zimatheka m'masabata ochepa.

Zimene ndikuopa si za m'mutu: galimoto usiku, ndalama, anamwino aukali. Mlangizi achitapo chiyani?

Funso ili timalilemekeza kuposa ena onse, ndipo mlangizi amene angakuuzeni kuti mukungoganiza molakwika sanamvetse. Matenda atha kuyambadi 2 koloko usiku magetsi atazima. Amayi ena anakalipiridwapodi ali pa ululu. Mantha otere sathetsedwa ndi kutsutsa maganizo, amathetsedwa ndi dongosolo.

Pezeranitu oyendetsa galimoto awiri a m'dera lanu, mugwirizane mtengo masana, manambala awo akhale pa foni yanu ndi ya amene mumakhala nawo. Ndalama ya ulendo ikhale payokha, yosakhudzidwa ngakhale ufa utatha. Funsani ku sikelo zimene muyenera kubweretsa, ndalama zofunika, ndi kumene adzakutumizeni zikavuta, ndipo chikwama chikhale chomanga mwezi wa chisanu ndi chitatu usanathe.

Za aukali, yeserani ndi mlangizi mawu oti mudzanene modekha: "Sister, ndi mwana wanga woyamba, ndiuzeni musanandigwire." Funsaninso ngati amalola munthu wokudikirirani kulowa. WHO inalangiza mu 2018 kuti mayi aliyense akhale ndi munthu amene wadzisankhira pa nthawi ya matenda, ndipo kafukufuku amaonetsa kuti amayi osasiyidwa okha matenda awo amafupikirapo ndipo maopareshoni amachepa. Si chipatala chilichonse chili ndi malo olola zimenezi, makamaka pamene amayi angapo akuchirira m'chipinda chimodzi. N'kwabwino kudziwiratu yankho kusiyana ndi kukalimva pa khomo.

Bwanji ndingopempha opareshoni kuti ndisamve kalikonse?

Amayi ambiri amantha amafika pa ganizo limeneli, ndipo si uchitsiru. Koma opareshoni ndi mpeni weniweni. Ululu umabwera pambuyo, chilonda chimatenga masabata kuti chipole, pali chiopsezo cha kutaya magazi ndi kulowa tizilombo, ndipo chipsera cha pa chiberekero chimayenera kuganiziridwa pa mimba zonse zotsatira. Ku Britain malangizo a NICE, bungwe lolangiza zipatala za kumeneko, amati mayi wopempha opareshoni chifukwa cha mantha ayambe waonana ndi wodziwa za maganizo, ndipo ngati sanasinthebe, apatsidwe. M'zipatala za boma kuno opareshoni imachitika makamaka pakakhala chifukwa cha chipatala. Kambiranani ndi dokotala msanga, ndipo funsani za zochepetsa ululu zimene ali nazo, monga jakisoni wa pethidine. Jakisoni wa pamsana wa epidural sapezeka paliponse.

Mbali inanso: ngati chimene mukuopa ndi opareshoniyo, chinenedwenso kwa mlangizi. Dokotala akanena kuti ikufunika kuti mupulumuke inu ndi mwana, si nthawi yodikira abale akambirane.

Ndinagwiriridwapo, ndipo kuyezedwa kumunsi kumandibwezera zonse. Ndiyenera kuulula?

Simukakamizidwa kufotokoza nkhani yonse. N'zokwanira kuuza mzamba kuti munachitidwapo nkhanza ndipo kugwiridwa kumakuvutani. Muli ndi ufulu wopempha kuti akufotokozereni asanayambe, ndiponso kuti asiye mukanena kuti asiye.

Apa kuphunzira za masentimita sikokwanira. Pafunika katswiri wodziwa kuthandiza anthu ovulala mumtima, kudzera mu CBT yolunjika pa chochitikacho kapena njira ya EMDR, yoyendetsa maso uku ndi uku pokumbukira chochitikacho, imene Francine Shapiro anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ku Parirenyatwa kuli Adult Rape Clinic, ndipo bungwe la Musasa limathandiza amayi ochitidwa nkhanza, kuphatikizapo za m'banja. Mtsikana wosakwana zaka 18 atha kuimba 116 ku Childline.

Nanga mapiritsi okhazika mtima pansi, kapena mankhwala achikuda otsegula njira?

Chithandizo choyamba cha mantha amenewa ndi kulankhula, osati mapiritsi. Pamene pali matenda a nkhawa kapena kukhumudwa kwakukulu, dokotala atha kupereka mankhwala monga sertraline atayeza ubwino ndi kuipa kwake. Ngati munali kale pa mankhwala a maganizo, musasiye nokha. Diazepam wobwereka kwa mnzanu ayi.

Zitsamba zofulumizitsa matenda, kaya ndi mwanamphepo wochokera kumudzi kaya za masuwo zimene zimatchuka kuno, amayi ambiri amamwa chifukwa cha mantha omwewa. Vuto n'lakuti mlingo wake palibe amaudziwa, ndipo chiberekero chikafinya mopyola muyeso mwana amabanika, chiberekerocho chitha kung'ambika. Ngati mwamwa kale, uzani mzamba mosabisa.

Bambo a kunyumba ndi apongozi akuti ndikudzilekerera. Ndiwauze chiyani?

Apongozi ambiri amalankhula motero chifukwa nawonso anaopa ndipo palibe anawamvera. Kukangana nawo sikupindula. Apatseni ntchito: "Amayi, mundiperekeze ku sikelo mukamve nokha zimene akunena."

Kwa abambo, tilankhule nanu mwachindunji. Mawu oti "usadandaule" satonthoza. Funsani akazi anu chimene akuopa, mumve mpaka amalize. Nkhani ya galimoto ndi ndalama imene yafotokozedwa pamwambapa ikhale yanu. Ndipo alendo akayamba nkhani za amene anafera pa uchembere, ndinu woyenera kuidula.

Kupita kwa mlangizi si kusowa chikhulupiriro?

Ayi. Amayi a ku mpingo amene amabwera kudzapemphera nanu ndi mbali ya chithandizo chomwecho, ndipo nyimbo kapena vesi limene mumalikonda litha kuyendera limodzi ndi kupuma kuja. Pamene tingatsutse ndi pamodzi pokha: munthu akakuuzani kuti mupemphere m'malo mopita kuchipatala.

Matenda ayamba ndipo mantha abwereranso. Ndichite chiyani pa nthawiyo?

Yembekezerani kuti adzabwera, kuti asakudzidzimutseni. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pakamwa pang'onopang'ono mpaka 6, mapewa ndi nsagwada zili zomasuka. Ganizani za ululu umene ulipowu, osati wa maola akubwera. Yendayendani, tsamirani khoma, wina akusisiteni msana. Kubuula si mlandu.

Koma pali zizindikiro zosafuna kupuma, zofuna galimoto nthawi yomweyo: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kukomoka kapena kugwedezeka, kutentha thupi, mwana kusiya kusewera m'mimba, ndi nsupa kusweka, makamaka madzi akakhala obiriwira kapena onunkha.

Ndikachira ndiye kuti zatha?

Kwa ambiri, inde. Kulira popanda chifukwa m'masiku oyamba a chikuta n'kofala ndipo kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira apo, kapena tsiku lochira likamabwerabwera m'maso ngati likuchitikanso, kapena mukamalephera kumuyandikira mwana, bwererani kwa mlangizi yemwe uja kapena nenani pa sikelo ya mwana. Maganizo ofuna kudzivulaza kapena kuvulaza khanda asadikire tsiku la sikelo: uzani munthu amene muli naye pafupi, akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.